Kalulu, mazira ndi chokoleti pa Pasaka: zinakumana bwanji zinthu zimenezi?

Pasaka ikangoyandikira, magulu a WhatsApp a mabanja amene ali ndi abale ku Britain kapena ku Joni amadzaza zithunzi zofanana. Kamwana kanyamula kadengu, kakusuzumira pansi pa maluwa, m'dengumo muli mazira okulungidwa m'timapepala tonyezimira. Agogo akaona amafunsa kuti, "Nanga mazira amenewa ndi a nkhuku yanji?" Mdzukulu n'kuyankha kuti wabweretsa ndi kalulu. Apa m'pamene mutu umaima. Kalulu anayamba liti kuikira mazira? Nanga zimenezi zikukhudzana bwanji ndi Lachisanu Loyera, Njira ya Mtanda ndi kuuka kwa Ambuye?

Yankho lake n'lakuti dzira, kalulu ndi chokoleti sizinabwere limodzi. Chilichonse chinadzera njira yake, pa nthawi yake, ndipo zinadzakumana mochedwa kwambiri.

Masewerawo ndi otani?

Pachingerezi amati egg hunt, kutanthauza kusaka mazira. Ndi chibisalirano, kungoti obisala si anthu. Akuluakulu amadzuka m'mamawa Lamulungu la Pasaka n'kubisa mazira m'munda wa maluwa, kuseri kwa miphika, m'nthambi za mitengo yaifupi, kapena m'nyumba ngati kunja kukugwa mvula. Ana amauzidwa kuti kalulu wa Pasaka wadutsa usiku, ndipo aliyense amatenga kadengu n'kuyamba kufunafuna. Mazirawo amakhala a mitundu itatu: a nkhuku enieni owiritsa n'kupakidwa utoto, a chokoleti, kapena a pulasitiki otseguka pakati omwe mkati mwake aikamo switi. Masukulu, matchalitchi ndi mapaki amakonzanso masewerawa, ena aulere, ena olipiritsa.

Pasaka yawo imagwa nyengo ina

Kuti timvetse za mazira ndi akalulu, tiyambe ndi nyengo. Kwathu Pasaka imatipeza mvula ikutsazika, chimanga chachiwisi chili pamoto, maungu ndi nzimbe zili mbwee. Ku Ulaya imawapeza akutuluka m'chisanu cha miyezi ingapo, pamene mitengo inali mbuu yopanda masamba ndipo dzuwa linkalowa anthu asanaweruke kuntchito. Mu Marichi ndi Epulo masiku amayamba kutalika, mitengo imaphukira, mbalame zimamanga zisa, nkhosa zimaswa. Nkhuku nazonso zimaikira malinga ndi kutalika kwa usana, choncho kale kusanabwere magetsi a m'makola, zinkachepetsa kuikira m'chisanu n'kuyambiranso mwamphamvu nyengo yophukirayi.

Tsiku la Pasaka limasinthasintha chifukwa limatsatira mwezi wakumwamba. Lamulo lake, lomwe mizu yake ili pa msonkhano wa mabishopu ku Nicaea m'chaka cha 325, n'lakuti Pasaka ndi Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu pa 21 Marichi kapena pambuyo pake. N'chifukwa chake singagwe pasanafike pa 22 Marichi kapena kupitirira pa 25 Epulo. Mipingo ya Orthodox, monga ya ku Greece ndi ku Russia, imawerengera pa kalendala yakale, ndiye kawirikawiri Pasaka yawo imabwera mochedwerapo.

Dzira: chakudya choletsedwa masiku 40

Pa zitatuzi, dzira ndi limene lili ndi mbiri yomveka bwino. M'zaka zapakati ku Ulaya, kusala kwa Lenti kunali kokhwima kuposa mmene ambiri amasalira lero. Sankadya nyama, ndiponso sankadya zochokera ku nyama: mkaka, batala, tchizi ndi mazira. Lachiwiri lomaliza lisanafike Lachitatu la Phulusa, ankamaliziratu mazira ndi mafuta otsala m'nyumba pokazinga zitumbuwa zopyapyala, ndipo ku Britain tsikuli mpaka pano amalitcha Pancake Day.

Koma nkhuku sidziwa Lenti. Inkaikirabe, ndipo m'nyengo yomwe imaikira kwambiri. Mazira ankaunjikana, ena ankawawiritsa kuti asawonongeke, ndipo Pasaka ikafika panali mulu woti adye, apereke kutchalitchi kukadalitsidwa, apatse ana ndi antchito. Mabuku a zogula za kunyumba ya mfumu Edward I ya ku England amasonyeza kuti anagulapo mazira 450 oti apakidwe utoto kapena kukutidwa ndi golide, agawidwe pa Pasaka.

Tanthauzo lachikhristu linakhazikika mosavuta. Chigoba chotsekeka chinayerekezedwa ndi manda, mwanapiye woswa chigobacho ndi moyo wotuluka m'mandamo. Ku Greece amanyika mazira mu utoto wofiira kukumbukira magazi a Khristu, ndipo patebulo anthu awiriawiri amagundanitsa mazira awo kuona kuti la ndani lisweka. Ku Ukraine amalemba maluwa ndi mizere pa chigoba ndi phula la njuchi asananyike mu utoto, luso lomwe amalitcha pysanka.

Kalulu: mlendo wochokera ku Germany

M'Baibulo mulibe kalulu wa Pasaka, ndipo palibe mpingo umene umamuphunzitsa ngati chiphunzitso. Ndi nthano ya ana ya ku Germany. Woyamba kudziwika kuti anailemba ndi dokotala wina, Georg Franck von Franckenau, yemwe mu 1682 anafotokoza za anthu a m'madera ena omwe ankauza ana kuti kalulu waikira mazira n'kuwabisa m'udzu, kuti akuluakulu aziseka poona ana akufunafuna. Ajeremani amene anasamukira ku Pennsylvania m'zaka za m'ma 1700 anapita nayo nthanoyi ku America, ndipo kumeneko inakula mpaka kufika pa makadi, m'masitolo ndi pa wailesi yakanema.

Chosangalatsa n'chakuti kalulu wa Ajeremaniyo, Osterhase, si uja woweta m'khola ayi, ndi wakutchire wa makutu aatali, mtundu womwewo wa Kalulu wa m'nthano zathu amene amapusitsa Njovu ndi Fisi. Anasanduka kakalulu kofatsa ka ubweya wofewa atafika kwa olankhula Chingerezi. Ineyo ndimaona kuti nthano ya kalulu woikira mazira ikanakhala yosavuta kuikhulupirira kwa mwana wa kwathu kuno, chifukwa Kalulu wathu bodza ndi ntchito yake.

Ena amati kaluluyu ndi mazira zinachokera ku chipembedzo cha mulungu wamkazi wotchedwa Eostre. Dzinali linatchulidwa ndi mmonke wa ku England, Bede, m'zaka za m'ma 700, pofotokoza chiyambi cha dzina la mwezi, ndipo mawu akuti Easter, omwe ife tinawasandutsa Isitala, amawalumikiza kumeneko. Koma Bede sanatchule kalulu kapena mazira, ndipo akatswiri a mbiri yakale amatsutsanabe pa nkhani ya mulungu ameneyu. Mawu athu akuti Pasaka ali ndi gwero lina: Paskha ya Ayuda, Pesach m'Chiheberi.

Si kulikonse kumene wobweretsa mazira ndi kalulu. Ku France ana amauzidwa kuti mabelu a tchalitchi, omwe salira kuyambira Lachinayi Loyera, aulukira ku Rome ndipo pobwerera amagwetsa chokoleti m'minda. Ku Australia, kumene akalulu obwera ndi atsamunda anawononga minda ndi msipu, ena amapanga chokoleti m'maonekedwe a kanyama kakwawo ka makutu aatali kotchedwa bilby. Ku America kuli mwambo wina: kuyambira 1878, nthawi ya pulezidenti Rutherford B. Hayes, ana amagubuduza mazira pa kapinga wa ku White House Lolemba la Pasaka.

Chokoleti chinafika pomalizira

Koko ndi mtengo wochokera ku South America ndi Central America, ndipo kwa zaka mazana ambiri chokoleti chinali chakumwa, osati chotafuna. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1800. Mu 1828 banja la Van Houten ku Netherlands linatulukira makina ofinya nthanga za koko n'kulekanitsa mafuta ndi ufa, monga mmene timafinyira mtedza kapena mpendadzuwa n'kutsala ndi deya wake. Mafutawo ndi amene amatchedwa batala wa koko. Mu 1847 kampani ya J. S. Fry & Sons ku Bristol, ku England, inasakaniza ufa wa koko, shuga ndi batalayo n'kupeza phala lotheka kuthira m'chikombole n'kuuma. Kampani yomweyo inatulutsa dzira la chokoleti mu 1873, Cadbury ya ku Birmingham n'kutsatira mu 1875. Chaka chomwecho cha 1875 ku Switzerland, Daniel Peter anakwanitsa kuikamo mkaka, ndipo mu 1879 Rodolphe Lindt anapeza njira yopera ndi kutakasa chokoleti kwa nthawi yaitali mpaka chisalale.

Choncho ku Britain dzira la chokoleti langokwanitsa zaka pafupifupi 150, pamene dzira la nkhuku la Pasaka lakhalapo zaka mazanamazana. Ku South Africa linatenganso mawonekedwe ena: ambiri amene anakhalako amadziwa mazira a Beacon, ofewa mkati ngati siponji, ogulitsidwa m'mabokosi.

Chovuta popanga kunyumba ndi moto

Amene amati apanga chokoleti kunyumba, ambiri sayambira ku nthanga. Amagula chokoleti chopangidwa kale, kuchisungunula, n'kuchiumba mwatsopano. Zikumveka zophweka, koma amene anayesapo amadziwa zotsatira zake: chokoleti chomwe m'sitolo chinali chonyezimira n'kumathyoka kuti thyo, chimatuluka chotuwa, chofewa, chomata m'zala, n'kukaniranso m'chikombole.

Chifukwa chake chili mu batala wa koko. Mafuta amenewa akamauma, tizigawo take timatha kuyalana m'njira 6 zosiyana. Taganizirani njerwa. Mutha kuzikhuthula mulu kuchokera pa ngolo, kapena kuziyala bwinobwino mzere ndi mzere. Njerwa ndi zomwezo, koma mulu umagumuka, khoma limaima. Mwa njira 6 zija, yachisanu ndi imene opanga chokoleti amafuna. Imapatsa kunyezimira, kulimba, ndiponso imasungunuka pa madigiri 33 kapena 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu komwe ndi madigiri 37. N'chifukwa chake chokoleti chabwino chimakhala cholimba patebulo koma chimasungunuka pa lilime. Mukachisungunula, mwagumula khoma. Mukangochisiya kuti chizizire chokha, njerwa zimagwa mmene zafunira.

Njira yozibwezeretsa m'mizere imatchedwa tempering: kutenthetsa, kuziziritsa, n'kutenthetsanso pang'ono. Kwa chokoleti chakuda, mumasungunula mpaka madigiri 45 kufika 50, kuziziritsa mpaka 27 kapena 28, n'kukwezanso kufika 31 kapena 32. Cha mkaka ndi choyera sichipirira moto, ndiye mumagwira nacho ntchito pa madigiri 29 kapena 30, choyera kutsikirapo pang'ono. Kusiyana kwake ndi kwa madigiri awiri kapena atatu basi, kotero chala sichingakuuzeni zoona. Pamafunika kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya.

Kunyumba njira yosavuta ndi yofanana ndi kufesa. Dulani chokoleti tizidutswa ting'onoting'ono n'kugawa patatu. Magawo awiri muwaike m'mbale youma, mbaleyo muikhazike pamwamba pa poto wa madzi otentha, pansi pa mbale pasakhudze madzi, ndipo madziwo asamabwadamuke. Zikasungunuka, phulani mbaleyo, pukutani pansi pake, n'kumathira gawo lachitatu lija pang'onopang'ono mukutakasa. Tizidutswa tosasungunulato tili kale ndi njerwa zoyalana bwino, ndipo zinazo zimatengera pomwepo, monga mmene chambiko chakale chimagwiritsira mkaka watsopano. Kuti mudziwe ngati zatheka, pakani pang'ono pa nsonga ya mpeni. Pakatha mphindi zosapitirira 5 chiyenera kuuma chosalala, popanda mizere yotuwa.

Madzi ndi mdani wamkulu. Dontho limodzi, ngakhale nthunzi yochokera m'poto, limanyowetsa shuga ndi ufa wa koko, zimagwirana, ndipo phala losalala lija limasanduka zibuma zangati nsima ya mwana wophunzira kuphika. Supuni, mbale ndi chikombole zonse zikhale zouma gwa. Kuika mbale ya chokoleti pa mbaula mwachindunji n'kupsereza ndalama.

Dzira lamphako limaumbidwa m'zikombole ziwiri, theka ndi theka. Mumathira chokoleti, kuzunguza kuti chifike m'mbali monse, kutembenuza kuti chotsala chikhe, kupala m'milomo ndi mpeni, n'kusiya chiume. Mukabwereza kawiri kapena katatu chigoba chimanenepa. Chokoleti chimene chayalana bwino chimanyala pang'ono pouma, ndiye chimatuluka chokha. Kuti mulumikize matheka awiriwo, khudzitsani milomo yake pa mbale yofunda kwa kamphindi n'kuwaphatikiza. Amene akufuna amaikamo timaswiti asanatseke.

Pali njira yachidule. Chokoleti china chophikira, chomwe pa paketi amalemba kuti compound kapena coating, chilibe batala wa koko, m'malo mwake muli mafuta a mbewu zina monga a nthanga za kanjedza. Chimenechi sichifuna tempering, mumangosungunula n'kuthira. N'chotchipa ndipo chimapirira kutentha, koma chimasiya kaphula m'kamwa. Kwa ana 20 a Sande sukulu, palibe amene angadandaule.

Ndipo zambiri zimene mabanja a ku Britain amapanga ndi ana sizifuna n'komwe chikombole. Zotchuka ndi tizisa ta mbalame: amasakaniza ma cornflakes ndi chokoleti chosungunula ndi batala pang'ono, kuika supuni imodzi imodzi m'timapepala ta makeke, kubowola pakati ndi chala, n'kuikapo timazira ta switi titatu. Ku America amakonda mazira a chiponde: chiponde, shuga wosalala wa pa keke ndi batala, kuumba ngati dzira, kuziziritsa, n'kunyika mu chokoleti. Amenewa ndiye sangatisowe, mtedza tili nawo.

Mukatsegula chokoleti n'kupeza chatuwa pamwamba, nthawi zambiri si nkhungu. Mwina chinatenthedwa n'kuumanso, mafuta n'kukwera pamwamba, kapena chinachita thukuta potuluka mu firiji, madziwo n'kusungunula shuga amene anauma pamwamba. Chimadyeka, changotaya maonekedwe. Malo ochisungira abwino ndi ozizirira ndi ouma, madigiri 15 mpaka 18. Ku Chikwawa kapena ku Nsanje malo otero mulibe m'nyumba, ndiye firiji siingapeweke: tsekerani m'kontena yosalowa mpweya, ndipo potulutsa dikirani ifunde musanatsegule.

Kukonza kusakako

Vuto lodziwika ndi lakuti wa zaka 10 amasesa zonse wa zaka 3 asanapeze n'limodzi lomwe, kenako kulira. Okonza amathana nazo pogawa bwalo malinga ndi misinkhu, popatsa mwana aliyense mtundu wakewake wa dzira, kapena ponena kuti aliyense akakwanitsa 5 aime. Okulirapo amawalembera zilapi zowatsogolera kuchoka pa malo ena kupita ena. Kumene kumatentha amabisa mazira a pulasitiki kapena timakadi, chokoleti n'kukhala pa mthunzi, ana n'kudzasinthitsa pomaliza.

Timazira ting'onoting'ono tolimba titha kutsamwitsa mwana, ndipo mapaketi a Cadbury Mini Eggs amachenjeza kuti si a ana osakwana zaka 4. Ana ena thupi lawo limadana ndi mtedza kapena mkaka, choncho amene akuitana ana a eni ake afunse kaye makolo. Mazira owiritsa amene akhala panja kupitirira maola awiri sayenera kudyedwa, malinga ndi malangizo a zaumoyo a ku America. Agalu nawo: mu koko muli mankhwala otchedwa theobromine, omwe thupi la galu limachedwa kuwachotsa, ndipo chokoleti chakuda chikachuluka chitha kumupha. Werengani mazira amene mwabisa ndipo mulembe malo ake, chifukwa la nkhuku loiwalika kuseri kwa mpando limadzadziwulula lokha ndi fungo.

Chifukwa chake anthu amakangana nazo

Akhristu sagwirizana pa mwambowu. Ena amauona ngati njira yokokera ana kutchalitchi ndi kuwaphunzitsa za manda opanda kanthu, ndipo amachititsa okha masewerawa mapemphero akatha. Ena amati kalulu ndi malonda zaphimba mtanda. Palinso ena, monga a Mboni za Yehova, amene sakondwerera Isitala n'komwe. Mu 2017 ku Britain kunabuka mkangano pamene bungwe losamalira malo a mbiri yakale la National Trust ndi kampani ya Cadbury anadzudzulidwa kuti achotsa mawu akuti Easter pa dzina la masewera awo osaka mazira. Arkibishopu wa ku York wa nthawiyo, John Sentamu, ndi nduna yaikulu ya nthawiyo, Theresa May, analankhulapo modzudzula, pamene mabungwe awiriwo anati mawuwo analipobe pa zolengeza zawo. Kholo la Chimalawi limene mwana wake wabwera ndi kalata ya kusukulu yonena za kusaka mazira limapezeka pakati pa maganizo amenewa, ndipo mabanja amasankha mosiyana.

Mbali ina ndi ya ndalama, ndipo imatibweza ku Africa. Koko pafupifupi theka wa padziko lonse amalimidwa ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, makamaka ndi alimi a minda ing'onoing'ono. Amaswa zipatso ndi zikwanje, kuvundika nthanga m'masamba a nthochi kwa masiku 5 mpaka 7, n'kuziyanika padzuwa. Nyengo yoipa ndi matenda a mitengo zitachepetsa zokolola, mtengo wa koko pa misika ya New York ndi London unakwera mu 2024 mpaka kudutsa madola 10,000 pa tani, pamene kwa zaka zambiri unkasewera pa 2,000 mpaka 3,000. Mazira a chokoleti a m'masitolo anakwera mtengo, ena anachepa kukula paketi ili yomweyo. Alimi a m'mayiko awiri aja sanalandire kukwera konseko nthawi yomweyo, chifukwa kumeneko mtengo wogulira kwa mlimi amaulengeza ndi mabungwe a boma, ndipo koko wambiri amakhala atagulitsidwa kale asanakololedwe.

Koko wapafupi ndi ife ali kungowoloka Songwe kuchokera ku Karonga. Boma la Kyela ndi limene limalima koko wochuluka ku Tanzania, ndipo nthanga zofiirira zimene zimayanikidwa pabwalo kumeneko zambiri zimakwera sitima ku Dar es Salaam kupita ku mafakitale a kunja.